Njinga yofiira pa msonkhano wa mipopi

Usiku umenewo sindinaone tulo, anzanga. Amayi a m'mudzi anali atandisankha kuti ndikawayankhulire pa msonkhano wa madzi, ine amene sukulu ndinalekera Sitandade 6. Nanga pamaso pa injiniya ndikanena chiyani? Ndinapangana ndi mtima wanga kuti ndikangokhala kumbuyo, Tadala kumsana, pakamwa potseka.

Injiniyayo anali mayi, a Chisale. Amafuna kutiikira mipopi ya sola yotunga ndi khadi, banja lililonse khadi lake. Anati asanalembe zimene makinawo ayenera kuchita, tiyambe tagwirizana kuti m'mudzi muno muli zinthu ziti ndipo zimalumikizana bwanji, kuopa kuti wopanga makina kutauniko angaikemo zam'mutu mwake. Akuti kusukulu kwawo zimenezi amati ontoloje. Pabolodi la m'kalasi momwe tinasonkhana anajambula mabokosi: munthu, banja, khadi, mpopi. Kenaka anakoka mzere umodzi kuchokera pa munthu kukafika pa banja.

"Munthu mmodzi, banja limodzi. Tagwirizana eti?"

Anthu onse: "Eee!"

Pakamwa panga, popanda kundifunsa mwini wake: "Ayi."

Kalasi yonse inatembenuka. Musaiwale kuti ine ndili pachitengwa, ndipo apongozi anga aamuna ndiwo wapampando wa komiti ya madzi. Anali atakhala patebulo, chipewa pabondo. Apongozi aakazi anali kutsogolo, pamphasa.

"Mayi, tatithandizani," anatero a Chisale, maso ali mbee ndi chimwemwe. "Alipo munthu wa mabanja awiri?"

Apa munthu wanzeru akanati mwana wadzionongera, n'kutuluka. Koma ine kuyamikiridwa ndi injiniya kunandiledzeretsa. Ndinati alipo ndithu, amasamba kuno, amasambanso kwina, ndiye madzi ake mudzawawerengera khadi liti?

"Funso labwino kwabasi! Muli ndi chitsanzo?"

Ndinati dzina sinditchula, ndinaleredwa bwino. Ndingonena kuti popita kusikelo ya mwana ku Bembeke ndimaona njinga ina yofiira, ya chishalo chomanga ndi mphira, itabisidwa kuseri kwa nkhokwe ya mayi wina wogulitsa kachewere.

Abale, njinga zofiira m'mudzi muno zilipo zingati? Makosi onse anasuzumira pazenera. Inali itatsamira mtengo wa pichesi, mphira wake uli lendelende. Ndikulumbira, ine ndinkadziwa njinga. Kuti mwini wake ndi amene akhala patebulowo, mutu wanga unandikumbutsa mawu atatuluka kale.

Ndiye ndinati ndikonze. Ndinati mwina amangopitako kukagula mbewu, chifukwa ndi banja lodziwana nalo, ngakhale kamwana ka pakhomopo kali ndi makutu ngati a bambo a Tadala.

Mayo ine! Wina kumbuyo anatsamwa. Chipewa cha apongozi chinagwa pansi, osachitola. A Chisale okha, poti ndi alendo, sanatolepo kanthu. Anakoka mzere wachiwiri, choko chili kwiii, n'kulemba mokweza mawu: "Makina azilola munthu mmodzi kulembedwa m'mabanja awiri." Anawonjezeranso kuti pakanapanda ine akanapanga makina olakwika, ndiye tiwaombere m'manja mayiwa. Anaomba okha.

Kunyumba bambo a Tadala anangondifunsa funso limodzi: "Makutu anga alowamo bwanji m'nkhani ya mipopi?"

M'mawa kutacha ndinagwira nkhuku yanga yoikira, ndinamangiratu ndi zovala m'chitenje kuti akandithamangitsa ndisavutike, n'kukagwada pakhonde pa apongozi aakazi. Anandisiya chigwadire mpaka atamaliza kusankha nyemba.

"Make Tadala, za ku Bembeke ndinazidziwa iwe usanamere mano. Chimene ndinkasunga ine n'chakuti mudzi usadziwe kuti ndikudziwa. Tsopano ukufuna ndiziyenda bwanji, ndiziseka kapena ndizilira?"

Nkhuku analandira. Ndikudzuka anandikoka chitenje, n'kunong'ona: "Ukawauze a injiniya akowo, madzi a bambowa akawerengere khadi la ku Bembeke. Langa asalikhudze."

Uthengawo ndinakapereka. Koma msonkhano wina ukadzabwera, ngakhale adzajambule bokosi la mbuzi lili ndi mapiko, ine ndidzati "Eee!" pamodzi ndi anzanga.