Njinga Yanga Pamwamba pa Chiperoni

Amene akuti chifuwa changa sichingapirire mphepo ya ku Zomba aimirire ndimuone! Iwe Esinati mwana wanga, unesi wakowo usakunamize. Ukufuna kundisiya kuno ku Braunstone, m'tauni ya Leicester, mu Juni muno, inu nokha mukaone chiliza cha amayi ako, ati dokotala wakaniza? Dokotala wobadwira m'dziko lopanda ndi chulu chomwe angandiuze chiyani za phiri?

Ine ndinkatsitsa nkhuni kuchokera pamwamba pa phiri la Zomba, pa njinga yopanda mabuleki, buleki yake chidendene changachi. Tsiku lina kunagwa chiperoni, osati kamphepo kanu kothawira pa hita aka, koma nkhungu yoti ukatambasula dzanja umachita kulifunsa ngati likadalipo, kuzizira koti ukapereka moni mawu amaundana n'kugwa pansi, mnzako n'kuwatola kukawawotcha kunyumba kuti amve zimene wanena. Mukumva? Ine ndasanja mtolo wotalika kuposa basi yosanjikiza ija, ndikutsetsereka, ndiye pa kona ina msewu unakhota koma ine sindinakhote, ndinangopitirira, matayala akugwira nkhungu ngati tala, ndikupalasa, ndikuliza belu, akhwangwala akundipatukira, mpaka ndinamva mtsinje wa Mulunguzi ukusokosera kutali pansi pa mapazi anga, m'pamene ndinadziwa kuti dziko ndalisiya.

Musaseke, Mulungu ndi mboni. Nkhungu itang'ambika pang'ono ndinaona kwathu konse: tauni itatsamira phiri, mapaini ali bii, madenga a msika, Chilwa akung'anima uko, Mulanje atasuzumira kuseri. Mtima umandiwawa ndikamakumbuka. Ndiye pabwalo lina ndinaona mtsikana akuyanika zovala, amayi akowo, asanandidziwe n'komwe. Ndinakuwa ndili kumwamba komweko kuti, "Chemwali, ndikukufunani banja!" ndipo mawuwo anaundana, anagwera m'beseni mwawo kuti phwa, iwo n'kuwasunga pawindo poyesa ndi matalala, mpaka dzuwa la mu Okutobala linawasungunula, nyumba yonse n'kumva ine ndikufunsira, apongozi anga n'kutaya mkeka kuthawa. Yankho linandipeza mvula yoyamba isanagwe.

Kutsika kwake? Dzuwa litakwera nkhungu inayamba kuphwa pang'onopang'ono, n'kunditula bwinobwino pakhomo pa msika, chikuni ngakhale chimodzi osagwa.

Tsono munthu amene ndinamufunsira ndili m'mitambo, ndilephere kukaima pa manda ake chifukwa cha kachifuwa? Bukitsa tikiti yanga, Esinati. Ukandisiya, ndidikira m'mawa wa nkhungu wa kuno ku Leicester, ndibwereke njinga ya mdzukulu wanga, ndipo mukamatsika ndege mudzandipeza ndasesa kale pamandapo.

Tandipatsira kaye kopopera mankhwala a chifuwa kangako, mpweya wandithawa.