A Mphira ndi Mpopi Woluma

Mukamva kwichi kwichi pakhonde, kaya masana kaya pakati pa usiku, munkadziwa kuti akudutsa a Mphira. Mkuluyu kale ankakonza magetsi, koma magetsiwo atamugwetsa pa makwerero tsiku lina, anatha zaka makumi awiri osakhudzanso chitsulo. Majombo amphira ankagona nawo. Makiyi ankanyamula ndi chopanira zovala chamtengo.

Tsiku limene mayi wa chipinda chakumapeto anasamukira m'nyumba ya lendi imene a Mphira ankakhalamo, khanda lili kumsana, a Mphira anamulandira ndi kapu ya madzi otentha. M'kapumo munali masupuni atatu, yamkuwa, yachitsulo ndi yamtengo, iliyonse ataipaka batala kumchira.

"Ona, mwana wanga, pa yamkuwa batala wasungunuka kale. Mkuwa ndi wamiseche. Zimene wamva kuno ukanena uko osapuma, kaya kutentha kaya magetsi. Chitsulo chimaulula, koma chimayamba chazengereza. Mtengo wouma umafa nacho chinsinsi."

"Nanga tiyi, agogo?"

"Tiyi wanji? Si wamwa nzeru apa?"

Moni wa padzanja sankapereka, ati munthu ndi thumba la madzi amchere. Pa ukwati wa mdzukulu wawo anakulunga mphete ya mkwatibwi ndi tepi wakuda, ponena kuti golide ndi mkuwa mayi wawo ndi mmodzi.

Mayi uja ankaseka nawo, koma mtima uli m'mwamba. Mpopi wa m'khitchini yomwe onse ankaphikiramo unkaluma. Wina akangoyatsa chitofu chamagetsi, ukaugwira, dzanzi mpaka paphewa. Paipi yake inkadutsa m'munsi mwa khoma, ndipo mwana anali atayamba kukwawa.

"Ndi mantha anu, mayi," anatero mwini nyumba mayiyo atakadandaula. "Wafa ndani?"

A Mphira anati pali waya wasenduka m'khoma ndipo wakhudza paipi, khomalo liboolewe. Mwini nyumba anakana. Ndiye mkuluyu anabwera ndi machubu a njinga odzaza thumba. Anakulunga mpopi, paipi, miyendo ya tebulo, ngakhale mbale ya mphaka. Mayiyo potembenuka anapeza akuyeza chubu m'chiuno mwa mwana.

"Agogo, ameneyo musiyeni."

"Ameneyu ndiye woopsa. Amangokhala wonyowa."

A Mphira anamwalira ali m'tulo, majombo ali kumapazi. Pansi pa pilo anasiya kalata yoti bokosi lawo lisakhale ndi msomali ngakhale umodzi. Mmisiri wa matabwa anasema zikhomo masiku awiri akung'ung'udza kuti, "Kodi mphezi ikawalondola mpaka pansi?"

Tsopano pakhonde pali zii. Anthu amagwira zitseko ndi manja, palibe wowakalipira, ndipo ena amachita manyazi okha. Machubu aja ayamba kung'aluka, ndipo palibe amene amawasinthanso.

Mmawa wina mayiyo anapeza mwana atakhala m'khitchini, akusenda chubu cha papaipi ndi timano take tiwiri, chitsulo chikuonekera. Anamunyamula napita pabokosi la magetsi pakhomo lalikulu. Anatsitsa switchi yaikulu, mawailesi onse m'nyumbamo nʼkuti zii, kenaka anakoka mpando nakhala pansi pa bokosilo, mwana ali pamiyendo.

Mwini nyumba anatulukira ndevu atameta mbali imodzi. "Wazimitsa ndani? Yatsani, mayi."

"Ndiyatsa, bambo," anayankha osadzuka. "Mukabwera ndi woboola khoma."