Usipa Sukufa

Lolemba
Zatheka. Mtedza wa mbewu uja ndagulitsa kwa mavenda pa Chiosya. Bambo a Limbani sakudziwa. Thumba lili pomwe paja kuseri kwa chitseko, koma m'kati muli zitsononkho. Pulani ndi iyi: kukapikula usipa kunyanja, kukagulitsa kwa mayi wina wa ku Chipata amene akundidikira pa boda Lachisanu, kugulanso mbewu mvula isanagwe, chotsala changa. Mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga, msodzi wa ku Salima, akuti pa foni: "Alamu, sabata ino usipa sukufa." Ndayamika Mulungu. Angafune nsomba yodzifera ndani?

Lachiwiri
Boma, Lilongwe, Salima, minibasi zitatu, msana watha. Kunyumba ndanena kuti mng'ono wanga akudwala. Iye ndamupeza akusinja, wojintcha kuposa ine. Ponyamuka, cha ku Zambia kunali kamtambo kamodzi kamene sindinakakonde.

Lachitatu
Padoko zii. Mabwato ali pamchenga, mathandala oyanikapo nsomba ali mbee, asodzi ali pa bawo. Mlamu akundiyang'ana ngati ndapenga. "Ndinakuuzanitu kuti sukufa." Kani kuno nsomba ikagwidwa ndiye amati yafa! Kwathu chinthu chikafa timalira, kuno amavina. Akuti usipa amaukopa ndi nyali, ndiye mwezi ukawala chonchi nyali zawo zilibe ntchito. Ndafunsa kuti mwezi uchepa liti. Doko lonse laseka.

Lachinayi
Tili amayi ambiri odikira, aliyense wakhalira ndowa yake. Amene akulemera ndi ogulitsa tiyi, mandasi ndi mayunitsi. Mpamba wanga ukulowa komweko pang'onopang'ono. Bambo a Limbani aimba: "Mizere ndamaliza, kuno mitambo yada bii. Wodwalayo ali bwanji?" Ndati sanafe, komanso sakuchira. Sindinanametu kwenikweni.

Lachisanu
Boti imodzi yabwera ndi kanthu. Chipwirikiti. Zigongono, zitenje, wina wandiponda chala. Amayi a kuno aliyense ali ndi msodzi wake wamasiku onse, mlendo amatola zotsala. Ndapeza kabeseni kamodzi, pamtengo woti sindilemba pano. Ndayanika pathandala la mlamu ndipo ndikulondera ndi ndodo: akhwangwala, amphaka, ana a eni. Mayi wa ku Chipata waimba: "Mwachedwa maningi, nagula kale kwa ena." Wadula ndisanayankhe. Ndikuopa, ndikuopadi.

Loweruka
Usipa sunaumitse koma ndikubwerera. M'minibasi anthu agwira mphuno, kondakitala wakamangirira kabeseni kanga kunja kumbuyo. Tikudutsa pa Namitete, mvula. Ndikuyang'ana pawindo, anthu ali m'minda ndi makasu, akubzala. Ndafika, kabeseni kadzadza madzi. Kogulitsa palibenso, ndi ka ndiwo basi.

Lamulungu
Yagwa yokwanira kubzalira. Kutchalitchi onse akuthokoza, ine ndikungoganiza za thumba lija. Usipa uja ndakazinga ndi tomato, wakwana mbale imodzi. Bambo a Limbani akunyambita zala. "Mlamu wathu ndi munthu wabwino, mpaka kutipatsa zaulere. Mawa tilawirire, mtedza ulowe pansi nthaka ikadali yonyowa." Thumba sanalikhudzebe. Munda wathu wonse audya masana ano osadziwa, ndipo akufunsa ngati wina watsala mupoto.