Mfuti ya Chilembo Chimodzi

Lolemba

Ndayamba moyo watsopano! Ndikhala wosonkhanitsa mfuti zakale za ku America.

Wandikopa ndi nkhalamba ina yachizungu yomwe ndikuisamalira pa wadi ya chipatala ku Dudley, kuno ku England. Ili ndi buku la zithunzi: mfuti za timakampani tating'ono tomwe tinapanga zochepa n'kugwa kalekale. Zobwereza! Ukakoka chitsulo chapansi, chipolopolo china chimalowa chokha. Gogodela wa malume anga ankalira kamodzi, nguluwe n'kumapita ikuseka.

Akuti zipolopolo zake sizipangidwanso, ndiye n'zokongoletsera khoma basi.

Zofunika:
– msomali (ndakhoma kale pabalaza)
– mfuti
– chilolezo cha mayi a Tadala

Lamulungu kutchalitchi kuli chisankho cha mkulu wa mpingo. Zaka zisanu ndi zitatu ndikunyamula mipando. Udindowu ndikuufuna, sindibisa.

Lachiwiri

Mayi a Tadala akuyang'ana msomali, akuyang'ana ine. "Landlord mwamuuza?"

Pa basi ndikulemba m'gulu la mpingo la pafoni, mwina wina akudziwa wogulitsa. Basi ikugwedezeka, zala zanga n'zonenepa, koma uthenga wapita.

Anthu ambiri awerenga. Palibe woyankha. Nsanje!

Lachitatu

Mayi Phiri, wapampando wa amayi, andiona pa siteji ku New Cross. Awoloka msewu, galimoto zikuimba mahutala.

Kunyumba mayi a Tadala akundipatsa foni yawo. "Tawerengani mokweza."

Ndikuwerenga: "Abale, ndikufuna mfiti yakale ya ku America, yobwereza. Ndiziisunga pabalaza. Ikakhala yabwino ndidzawonjezera zina."

Mfiti! Mayo ine!

U ndi i n'zoyandikana pafoni. Anaziika choncho ndani? Ameneyo ndiye mfiti.

Lachinayi

Ndikufuna kufufuta, foni ikukana, akuti nthawi yadutsa.

Zomwe zafika lero:
– mavesi asanu ndi anayi
– nyimbo ya magazi a Yesu, kawiri
– m'bale wina wa ku Zambia: "Ba elder, ni zoona? Imagwira ntchito pa visa?"

Mayi anga aimba kuchokera ku Ntcheu. Nkhani yafika kale, ndege ikanachedwa. Akulira. "Mwana wanga, mpaka kuitanitsa kunja?"

Lachisanu

Ndalemba bwinobwino, chala chimodzichimodzi: "Pepani abale, ndimati MFUTI." Ndaikapo ndi chithunzi cha m'buku lija.



Kenako abusa aimba. Mawu ozizira ngati a dokotala. "Achimwene, mfiti tikanasala kudya n'kuipempherera. Nanga mfuti titani nayo?"

Ndikufotokoza kuti siilira, zipolopolo zake zinatha agogo athu asanabadwe. Akuti, "Ndiye ya chiyani?"

Loweruka

Ndapita ku Nuneaton kwa wogulitsa zakale. Mabasi awiri ndi sitima, mvula osaleka.

Ilipo! Thabwa lake lakuda, losalala, dzina la wopanga lafufutika theka. Ndaigwira. Ndaikondadi, zoona.

Ndikufunsa ngati ndingakwere nayo basi. Mzungu wogulitsayo akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Inenso ndikudziona pagalasi la sitolo: munthu wakuda, jekete lalitali, mfuti m'manja, ulendo wa ku Dudley.

Ndaibweza pakhoma pake mwaulemu. Ndagula positikhadi yake.

Lamulungu

Chisankho chachitika. Mayi Phiri aima n'kunena kuti Mulungu yekha ndiye adziwa ngati chala chinalakwa Lachiwiri kapena Lachisanu. Anthu awomba m'manja.

Apambana a Banda, munthu amene sanagwirepo mpando chibwerereni ku England. Ine mavoti awiri. Langa ndi la m'bale wa ku Zambia uja. Mayi a Tadala akuti voti ndi chinsinsi.

Zandiwawa, kunama ayi. Mipando ndanyamulabe ndekha, poti aliyense akuopa kutsala nane m'holo.

Positikhadi ili m'Baibulo. Pa msomali paja mayi a Tadala apachikapo ambulera.