Diso lakumanzere la galimoto ya bambo

Nkhani iyi abale anga amaiseka mpaka lero, ine ndimangosekerera pang'ono chabe kuti asandione ngati wokwiya.

Bambo atamwalira anatisiyira kapikiapu kakale kamene ankanyamulira tomato wa azimayi a pamsika kuno kudera lathu la Unit L. Nyali yake yakumanzere inali yachikasu, yong'aluka pakona, ndipo bambo anaimangirira ndi waya, motero inkawala chopendekera ngati munthu wotsinzina. Pondipatsa makiyi amayi ananena chinthu chimodzi chokha: "Uziyendetsa, mwanangu, koma uisiye mmene anaisiyira bambo ako."

Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Mwambo wovundukula chiliza cha bambo unali pafupi, ku manda a pafamu pomwe anakulira, ndipo ndinkadziwa kuti asuweni anga a ku Nyatsime abwera ndi magalimoto onyezimira. Manyazi anandigwira (manyazi a munthu woyenda pa galimoto yosagula yekha, tangoganizani).

Pafoni ndinaona mnyamata wina akuphunzitsa kukongoletsa nyali. Akuti uike nyali mu uvuni mphindi khumi kuti guluu afewe, uchotse galasi, upopere penti wakuda m'mbali mwake, basi galimoto yasanduka yatsopano. Ndinaonera kamodzi, n'kudziyesa makaniko. Paja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Lachinayi m'mawa amayi atapita kumsika, ndinamasula nyali zonse ziwiri. Yakumanja inayenda bwino moti ndinayamba kuimba mluzu. Kenako ndinaika yakumanzere, waya wa bambo ali pomwepo, mu uvuni wa amayi, womwe amaphikira masikono ogulitsa. Sipanathe mphindi ziwiri, magetsi anathima. Kuno akathima m'mawa timawaiwala mpaka madzulo, choncho sindinadandaule. Penti analinso atatha. Ndinatseka chitseko n'kukwera kombi, minibasi ya kuno, kukagula wina, uvuni osauzimitsa, nyali ili momwemo.

Tsiku limenelo, mwa masiku onse a chaka, magetsi anabwera msanga.

Ndili pamzere m'sitolo, anandiimbira Mai Tembo oyandikana nafe nyumba. "Iwe, ukuphika chiyani? Utsi ukutuluka pawindo, fungo ngati mwatentha matayala. Mhanya, thamanga!"

Ndinapeza anthu atathyola kale loko. Amayi anali atafika, atakhala pa mpando wa kukhitchini, chitenje atatseka nacho mphuno. Pa thireyi ya masikono panali chibulumwa chakuda chosungunuka. Chokhacho chimene chinatsala chamoyo chinali waya wa bambo, wopotedwa katatu mmene ankapotera chilichonse pakhomo pano.

"Amai, ndine urombo," ndinapepesa m'Chishona, pakuti ndikachita mantha Chichewa chimandithawa. "Ndigula ina yatsopano, yowala bwino kuposa iyi."

Ndinkayembekeza kukalipiridwa, ndipo kukanandipepukira. Iwo anangotola wayayo ndi supuni, n'kumuika m'mbale ya madzi kuti azizire.

"Zaka zonsezi," anatero, "kukamada ndinkaima pawindo ili. Magalimoto ambirimbiri mumsewu, koma ndikaona diso lopendekera lija ndinkadziwa kuti abwera, ndiike madzi pamoto. Ngakhale pano, iwe ukamabwera nayo madzulo, ndimati ndikaiona patali, kwa kamphindi kochepa ndimaiwala kuti anapita."

Ine ndinkaona nyali yonyansa, osadziwa kuti ndi pomwe amayi ankakumanira ndi mwamuna wawo tsiku lililonse. Ndinalira ngati mwana, manja ali penti yekhayekha.

Ku chiliza tinapita ndi galimotoyo ili ndi diso limodzi, bowo linalo nditalitseka ndi katoni. Asuweni aja, omwe ndinkafuna kuwadabwitsa, anadabwadi. Wina anafunsa ngati galimotoyo inachita ndewu ku bawa, ndipo ngakhale abusa anabisa nkhope m'buku la nyimbo.

Patapita sabata ndinagula nyali ina kwa ogulitsa zida zakale. Ndinayesa kuipendeketsa dala, kuimanga ndi waya, ngakhale kuipaka tiyi kuti ichite chikasu (inde, ndinafika pamenepo). Amayi anangoiyang'ana n'kunena kuti, "Usavutike, mwanangu. Yawala bwino."

Waya uja amamusunga m'kachitini ka singano ndi mabatani. Galimoto ikuyendabe, nyali zonse ziwiri zikuwala molunjika, apolisi sandiimitsanso. Koma madzulo ndikamakhota kulowa mumsewu wathu, ndimayang'ana pawindo la kukhitchini, ndipo katani amakhala wotseka.