Tsiku Limene Atsopano Anga Ananyamula Mayi Zulu

Inu mukuseka kumbuyoko, mukuti bambo Kalua ayambanso, imirirani ndikuoneni nkhope, chifukwa zimene ndikuti ndinenezi zinachitika masanasana, tauni yonse ya Woolwich ikuona.

Nthawi imeneyo ndinali pakoleji, ndikuphunzira unesi imvi zitayamba kale, ndipo tinali ndi gulu la ophunzira lothandiza okalamba, kuwagulira zinthu, kuwakolopera m'nyumba, kuwaperekeza kuchipatala. Wofuna kulowa m'gululo ankayamba wayesedwa, koma akaleakale a m'gululo anali ndi nkhanza, ankawaveka atsopano majumbo a zinyalala n'kuwagwaditsa panja pozizira. Atandipatsa ine udindo wowaphunzitsa ndinati zimenezo zathera pompano, mwana wa munthu sagwada pasimenti ine ndili moyo, ndipo ndinalankhula mokweza mwakuti mawindo a holo ananjenjemera, wotchi yapakhoma n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Mukumva?

Ine ndinkawaphunzitsa kunyamula munthu osamupweteka. Tinkayeserera pa firiji yodzaza, ine nditakhala pamwamba pake ndikumwa tiyi, iwo akukwera nayo masitepe, ndipo tiyi akatayika ngakhale dontho tinkayambiranso. Mwa iwo munali Dalitso wa ku Zomba, woonda ngati ndodo ya mopu, wachibwibwi, amene akaleakale aja ankati achotsedwe chifukwa sangathandize munthu. Ine ndinati musiyeni, ameneyu ndi wanga.

Ndiye m'mawa wina kunagwa sinoo woopsa, chipale chofewa chija, mabasi onse anaima, masitima anaima, ngakhale nkhunda zinkayenda wapansi. Foni inalira. Anali mayi Zulu a ku Chipata, amene miyendo yawo inafa kalekale, ndipo ankakhala pamwamba penipeni pa fulati yaitali mwakuti ndege zinkaipatuka. Amuna awo anali m'chipatala ku Lewisham, anesi anali ataimba kuti bwerani msanga, lifiti, chikepe cha pafulatipo, inali itafa, ndipo panalibe galimoto yoti ifike.

Ndinasonkhanitsa atsopano anga n'kuwauza kuti mayeso anu ndi amenewa. Tinawakhazika mayiwo pampando n'kuyamba kutsika masitepe, kutsika, kutsika, mwakuti anyamata amene anayamba atameta anafika pansi ndevu zili pachifuwa, ndipo titatuluka panja sinoo ankafika m'khosi, ine n'kutsogola ndikupuma mwamphamvu, mpweya wanga ukusungunula njira, anthu a Woolwich akutsatira pambuyo pathu ndi zikwama za kumsika. Pachitunda tinapeza basi yosanja itapingasa mseu, ine kungoigunda ndi phewa ili, limene mukulionali, inatsetsereka mpaka kuoloka mtsinje n'kukaima ku Tottenham, dalaivala akadali kutafuna sangweji yake. Ndikunama? Kamufunseni.

Koma pabwalo lalikulu lija la Blackheath mphepo inatipeza. Anyamata manja anauma, anatula mpando pansi, wina n'kuyamba kulira. Mayi Zulu milomo inali itatuwa.

“Nisiyeni pano, bana banga,” anatero. “Sinizabapeza bamoyo.”

Apa ndiye panaonekera munthu. Dalitso anavula jekete yake n'kuwafunditsa, anagwada m'sinoo muja popanda womutuma, n'kunena bwinobwino, chibwibwi chitathawa:

“Amayi, kwerani. Tikawapeza.”

Anawabereka kumsana n'kuyamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi kuti mayiwo asagone, anzake aja n'kudzuka kudzamutchingira mphepo mbali zonse, ndipo tinatsika chitunda cha ku Lewisham tonse tikuimba, ine ndikugwira besi imene inagwetsa sinoo pamadenga. Dalitso sanawatsitse mpaka m'wodi.

Bambo Zulu anali atatseka maso kuyambira dzulo lake. Atamva mawu a akazi awo anawatsegula n'kuti, “Mwabwera?” Anacheza pang'ono, motsitsa mawu, ife tili pakhomo madzi akuchucha m'nsapato. Dzuwa lisanalowe bamboyo anatisiya, dzanja lawo lili m'manja mwa akazi awo.

Kumaliro akaleakale onse anabwera, ndipo amene ankafunitsitsa kuti Dalitso achotsedwe ndi yemweyo anamuveka baji ya gulu, osatha kumuyang'ana m'maso. Lero Dalitsoyo ndi mkulu wa anesi, ali ndi mimba yakeyake, koma akandiona amandilandirabe ndi manja awiri.

Ndikudziwa kuti mayi Zulu amauza anthu kutchalitchi kuti njira yonseyo ine ndinangonyamula chikwama chawo, ndikudandaula bondo. Chabwino, chikwamacho ndinanyamuladi. Koma inu munayamba mwanyamulapo chikwama cha mayi wa ku Chipata? Kachinyamuleni kaye, mudzanditsutse mukatuluka m'chipatala.