Kapinga wanga ndi Denja

Lolemba

Mzere wathu wonse kuno ku Matero, nyumba ili ndi kapinga ndi yanga yokha. Ena onse ndi fumbi mpaka pakhomo. Kukula kwake ngati mphasa zingapo, koma ndi kapinga weniweni wa kumayadi. Malemu amuna anga ankatchetcha udzu kwa azungu, ndiwo anabwera ndi mizu yake m'thumba la jekete.

Lero ndikudzuka, ndikupeza zipsera zachikasu, zozungulira ngati mbale. Fungo lokha likunena mwini wake. Denja, galu wa Bana Chanda apa pafupi. Galu woonda ngati uja, madzi onsewa amawatenga kuti?

Mpongozi wanga Amake Misozi waima pakhomo, manja m'chiuno. Akuti udzu wafa kale, tiulime tibzalepo repu, popeza mwana wanga anamuchotsa ntchito ndipo ufa tikugula wa m'timapepala. Akuti udzu sadyera nsima. Ndamuuza kuti ulemu nawonso sauthira mchere, koma anthu amaufuna.

Loweruka kukubwera akuchimuna kudzafunsira mdzukulu wanga Misozi. Mipando tinagulitsa. Akhala pa kapinga ngati mabwana. Tapangana: alendo akauyamikira, utsala. Akapanda kutero, khasu.

Autamanda. Ndikudziwa.

Lachiwiri

Nzeru ya kumayadi: mabotolo odzaza madzi, kuwagoneka pa udzu. Galu akadziona nkhope m'botolo amachita manyazi, amathawa. Ndasonkhanitsa mabotolo nyumba yonse, ndawayala bwinobwino. Anthu odutsa akuima kuyang'ana. Ayang'ane, aphunzire.

Masana ndikuchokera ku pompi, mabotolo kulibe! Chaka chino botolo ndi chuma. Madzulo ndikuona langa la chivindikiro chofiira pa thebulo la mayi wina pamsewu, muli munkoyo, chakumwa chogulitsa. Ndamufunsa, akuti mabotolo amafanana ngati ana a Mulungu.

Pa kapinga latsala limodzi lokha. Denja wafika, walinunkhiza, wadziyang'anamo nthawi yaitali. Wakweza mwendo.

Galu uyu alibe manyazi. Watengera kwawo.

Lachitatu

Sabola wosinja ndi phulusa la m'mbaula. Ndawaza paliponse, osaumira.

Ndinaiwala kuti ino ndi miyezi ya mphepo, ndipo lero ndi tsiku la amayi a mpingo kudzapemphera kwathu. Pemphero lonse kuyetsemula. Amayi abusa misozi mbwee, ena akuganiza kuti agwidwa ndi Mzimu, ayamba kuwakupiza ndi chitenje. Ine chete, maso otseka, ameni wamphamvu.

Atapita ndapita kwa Bana Chanda kuti amange galu wawo. Ali pa mpando, akusenda mbatata, sakundiyang'ana n'komwe. Akuti chingwe anayanikira zovala, komanso galu akamangidwa akadya kuti, poti amadzidyetsa yekha kumsika.

"Imwe ba kum'mawa," akutero, "mbewa zasila, manje mwayamba kulima udzu wodya?"

Ndawayankha kuti mbewa sizinathe, ndipo ife timazikumba tokha ndi thukuta, osati a kwawo kumpoto odikira nyani agwe mumtengo. Aseka mpaka mpeni wagwa. Andipatsa mbatata ziwiri. Ndalandira, koma nkhondo ilipobe.

Lachinayi

Ndagwada kuyang'anitsitsa. Pakati pa chipsera papsa, koma m'mbali mwake udzu wabiriwira kuposa pena ponse. Ndiye kuti mkodzo ndi fetereza wopitirira muyeso, ngati mchere wa Amake Misozi. Mankhwala ake ndi madzi basi, kuusukuluza. Izi palibe wandiuza. Ndikanapita kusukulu bwenzi ndili nduna ya zaulimi.

Vuto pompi imatulutsa madzi ikafuna, mzere wake kufika ku tchalitchi. Choncho lamulo latsopano m'nyumba muno, madzi onse apite pa kapinga:

otsukira mbale
ochapira
osamba (asambire m'beseni, asataye dontho)
otsala m'kapu ya mwana wanga, amene amangokhala kuyang'ana denga

Ndakumba zipsera zonse, ndadula timagawo ta udzu wamoyo m'mphepete, ndaika m'maenjemo ngati zigamba. Tsopano pakati pali bwino. M'mphepete ndiye mwadyeka ngati mwadutsa mbuzi.

Amake Misozi akunola khasu pa mwala. Akuti akungolichotsa dzimbiri.

Lachisanu

Ndakhala pa chigubu kuyambira m'mawa, ndodo m'manja. Denja wagona tsidya la msewu, mutu pa miyendo, diso limodzi pa ine. Ndikatsokomola amagwedeza mchira. Tikudikirana ngati anthu a pa chipatala.

Munthu ndi munthu, ndalowa kuchimbudzi. Pobwera ndikupeza pa chigamba changa chatsopano panyowa, iye wabwerera pamalo pake, wagona chimodzimodzi. Bana Chanda pa mpanda akuti mwina ndi mame.

Ndakwiya. Mgolo wa madzi amene Misozi watunga dzulo ndi lero, ophikira alendo, ndaupendeketsa wonse pa kapinga. Wonse! Misozi walira, wanyamulanso zigubu. Adzandithokoza ali m'nyumba yake.

Dzuwa likulowa udzu ukunyezimira. Kumayadi kulibe wotere.

Loweruka

Afika atatu. Wotsogolera ndi malume ake a mnyamata, bambo wamkulu waulemu, suti yoyera, yooneka kuti ndi yobwereka chifukwa manja ake akubisa zala. Amake Misozi akutulutsa mphasa. Ndamuletsa ndi diso. Mphasa ibise chiyani? Anthu aone.

Akhala pansi. Kapinga walira kuti fwaa.

Bambo uja nkhope yasintha, koma munthu wodzapempha mkazi sasuntha pamene wamuika mwini nyumba. Wakhala momwemo, akuwomba m'manja, akulankhula mwaulemu, madzi akukwera. Kenaka sabola wa Lachitatu wayamba kugwira ntchito yake. Akuyankhula akusunthira uku, akusunthira uko. Zonse zimene tanena akungovomera, sanatsutse ngakhale chimodzi. Nkhani ya ukwati sinathepo msanga chotere m'banja mwathu.

Poimirira, kumbuyo kwa suti kuli mapu a dziko lonse, mitsinje ndi madambo omwe.

Ine ndafunsa ndithu, pamaso pa mpongozi, kuti pabwalo pathu apaona bwanji. Wayang'ana pansi, wayang'ana thalauzi, wafunafuna mawu abwino.

"Ambuya, muli na mwayi," akutero. "Dimba yonyowa chonchi mu Lusaka? Apa repu ingachite bwino maningi."

Amake Misozi wagwada, wamuthokoza kawiri.

Lamulungu

Pochoka ku tchalitchi Amake Misozi sanavule n'komwe chitambala. Khasu lili m'manja. Pangano ndi pangano. Dothi lake ndi lofewa, lakuda, khasu likungolowa lokha. Wandiuza kuti ndalikonza bwino. Ndikudziwa.

Misozi akukwatiwa. Suti akuti aichapa kawiri, sabola akadalimo.

Denja wabwera kudzayendera mizere ya repu, wanunkhiza, wasankha pake. Amake Misozi akumuthamangitsa ndi chikuni, akufunsa ngati ndili ndi nzeru ina yoingitsira galu. Ndati ine ndine mayi wosaphunzira, za agalu ndizidziwira kuti.

Khasu lisanafike pakona ndinadulapo kagawo kamodzi kobiriwira. Kali m'beseni lobooka, pamwamba pa malata, pakati pa miyala yotsendera denga. Ndizikathirira ndi kapu, nditakwera pa mgolo.

Mzere wathu wonse, nyumba ili ndi kapinga ndi yanga yokhabe. Denja akwere tione.